Pasiwedi ya Namfedwa

Kukhulupirira munthu ine ndinasiya ndili mtsikana, m'sitolo ya esiteti ina ya tiyi kwathu ku Mulanje, kumene ndinayambira ntchito. Ndinaona feteleza akutuluka pageti dzuwa likuswa mtengo, wotsegula geti ndi wosainira akuseka limodzi, Lamulungu onse awiri n'kukaimba kwaya. Choncho nditadzakhala mphunzitsi pa koleji ina ku Blantyre, phunziro limene anandipatsa linandiyenera kwabasi.

Ndinkaphunzitsa ERP, pulogalamu ya pakompyuta imene imamanga pamodzi ntchito zonse za kampani: kugula, kusunga katundu, kupanga, kugulitsa ndi kulipira. Ife tinkangoti sisitimu. Chimene ndinkaikondera n'choti nayonso sikhulupirira munthu. Woitanitsa katundu savomereza yekha oda yake, wovomereza salandira katunduyo, wolandira salipira. Aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo chilichonse chimene wakhudza chimalembedwa, ndi nthawi yomwe, osafufutika.

Ophunzira anga sanali ana. Anali anthu a digiri kale, akuchita yachiwiri ya uinjiniya wa zamabizinesi, ambiri apantchito, ena oika makiyi a galimoto patebulo kuti tonse tiwaone. Nyengo ya dzinja, tiyi akamaphuka kwambiri, ndinkapita nawo ku Mulanje kuti akaone fakitale ikugwira ntchito ndi maso awo. Tinkagona pa malo ena ogona alendo pafupi ndi Boma, m'mawa kufakitale, masana m'holo ndi makompyuta. M'holomo ankayendetsa kampani yoyerekeza, aliyense pampando wake, ndipo mayeso awo anali kutseka mwezi m'sisitimu, kutanthauza kumaliza ntchito ndi mawerengero onse a mweziwo, tsiku loikidwa lisanadutse. Zonse zimene sisitimu yalemba zinkapita kwa woyesa wakunja, ine osachotsapo kanthu.

Lamulo ndinkalinena tsiku loyamba. "Pasiwedi si njinga yobwerekana. Wopereka ndi wolandira, koleji imati onse abera mayeso, ndipo chaka chawo chatha."

Ankaseka, koma ine ndinkawayang'ana mmodzimmodzi mpaka kuseka kutha.

Chaka chimene ndikukumbukachi, mpando wa wovomereza ndinaupereka kwa mayi wina wa ku Limbuli. Anali wofatsa, wosafulumira kuyankha, ndipo oda yokayikitsa ankaibweza ngakhale ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Sindinganene kuti ndinkamukhulupirira, koma ndinkamukayikira pang'ono kusiyana ndi enawo. Kuntchito kwake anamupatsa tchuthi cha sukulu atachipempha zaka zambiri, n'kumuuziratu kuti china sichidzapezekanso. Ankadziwa, ifenso tinkadziwa, kuti akalephera chaka chimenecho digiri wataya.

Bambo ake anali m'chipatala cha ku Mishoni. Anali mmodzi wa anthu aja anawoloka Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, wophunzira wangayu ali khanda kumsana kwa amayi ake, n'kukhazikika konkuno. Tikaweruka mayiyu ankakwera kabaza kukawaona. Sabata yotseka mwezi ili pakati, bambowo anatisiya. Mayiyo anabwera kudzandiuza pakhomo la holo, maso ali gwa, n'kunyamuka.

Ndinadziwa kuti popanda wovomereza ntchito ya gulu lonse iima. Ndinadikira kuti wina abwere kudzandifunsa chochita, chifukwa kusamutsira mpando kwa munthu wina ndi ntchito yomwe ine ndikanaichita tiyi asanazizire m'kapu. Palibe anabwera. Ndinadutsa m'holo ndikuyang'ana nkhope, onse mitu ili pansi, akutaipa mwakhama ngati ana a Sande sukulu. Kalasi yanga ikakhala chete chonchi, mtima wanga sukhala pansi. Ndinaganiza zowasiya kaye kuti ndione kumene akulowera.

Tsiku loika maliro ndinapita ku Limbuli. Mvula inali itagwa usiku, matope ofiira mpaka m'akakolo, ndipo minibasi itatitsitsa tinayenda pansi kudutsa m'minda ya chimanga. Ine ndinalowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi amayi anzanga. Wophunzira wanga anali pamphasa pafupi ndi bokosi, atafunda chitenje kumutu, azakhali ake akulira m'Chilomwe atamugwira phewa. Ndinakhala naye moyang'anizana kuyambira m'mawa mpaka tinanyamuka kupita kumanda. M'manja mwake munalibe foni, munali kampango kopukutira misozi.

Koma maso anga, ngakhale pamaliro, sapuma. Ndinaona kuti ophunzira anga akubwera mosinthana. Ena anafika m'mawa n'kuzimiririka, ena anatulukira nthawi ya ulaliki nsapato zili zoyera. Gulu lonse silinakhalepo pamodzi ngakhale kamodzi. Ndinachita manyazi kuti ndikuwerenga anthu mnzanga akuika bambo ake, komabe sindinasiye.

M'mawa mwake ndinatsegula sisitimu. Mwezi unali utatsekedwa bwinobwino, oda iliyonse itavomerezedwa, ndipo pa iliyonse panali dzina la mayi wa ku Limbuli uja. Ina inavomerezedwa nthawi imene tinkaimba nyimbo yotulutsa bokosi m'nyumba, ina tili kumanda.

Mtima unandiwawa, kenako ndinapsa mtima zenizeni. Ganizo loyamba linali loti wina wamubera pasiwedi. Amene ndinamuloza mumtima anali mnyamata wa pampando wogula, wokonda mafuta onunkhira, amene maoda ake mayiyu ankawabweza kawirikawiri. Ndinati eya, wapeza mpata wodzivomerezera yekha, n'kumusiyira mnzake mlandu ali pachisoni. Ndinamuitanira pakhonde.

"Dzulo nthawi ya ulaliki munali kuti?"

"Kumaliro konko, Madamu. Simunandione? Ndine ndinanyamula nkhata ya kalasi."

Zinali zoona, ndinamuona. Ndinaitana mnzake wa mayiyu wogona naye chipinda chimodzi. Iyenso anali ndi nthawi yake imene ndinamuona ndi maso anga akugawa madzi kuseri kwa nyumba. Ndinaitana wachitatu, wachinayi. Aliyense anali kumaliro pa nthawi ina, ndipo aliyense panali nthawi ina imene sindinamuone. Ndikafunsa za pasiwedi ankayang'ana kuphiri ngati yankho lili m'mitambo. Ndinayamba kukayikira ndi mlonda yemwe wa pamalopo.

Pamapeto pake anadzuka bambo wina, wamkulu pa onse m'kalasimo, wowerengera chuma pa kampani ina ya mabasi, wa imvi zake. Anatseka chitseko cha holo n'kuima manja ali kumbuyo.

"Madamu, musavutike ndi kufufuza. Palibe wakuba muno. Tinangomulimira mnzathu."

"Kumulimira?"

"Inu ndinu a konkuno, mukudziwa. Munthu akakhala pa maliro nthawi yopalira, munda wake sudikira. Anzake amalowamo ndi makasu, wina mzere uwu, wina uwo. Iye anatisiyira pasiwedi ngati mmene munthu amasiyira kiyi kwa neba. Tinasinthana, ndipo palibe anavomereza oda yakeyake, tinasamala zimenezo. Maliro n'kulirana, Madamu."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanabwerere kwa ine, popeza njira yake inalipo, yololedwa, yosavuta. Anayang'ana anzake kaye asanayankhe.

"Tinaopa kuti mukachotsa dzina lake pampando, woyesa aona kuti sabata ya mayeso sanagwire ntchito, ndiye alephera. Komanso, pepani Madamu, sitinadziwe ngati mungamve."

Apo ndiye ndinakalipa. Ndinawauza kuti akuba onse amene ndinawaona pamoyo wanga ankanena zomwezo, kuti tinangothandizana. Ndinawauza kuti mawa lino adzakhala mabwana m'makampani, ndipo tsiku limene adzagawane pasiwedi chifukwa cha chisoni, m'gulumo mudzakhala mmodzi amene chisoni alibe. Zimenezo ndimazikhulupirira mpaka lero. Koma ndikukalipa choncho ndinkadziwa kuti amene amupha ndi yemwe ankafuna kumupulumutsa. Iwo mayina awo sankaoneka paliponse. Dzina lolembedwa linali limodzi, ndipo kalata yodziwitsa koleji za malirowo ndinali nditatumiza kale ndekha, tsiku lake lili pomwepo. Woyesa akanangoika ziwirizi pamodzi.

Bambo uja anati alemba kalata yoti onse anachita nawo. Ndinamuuza kuti akatero ndiye kuti kalasi yonse yagwa, mayiyonso osapulumuka. Anakhala pansi.

Mayiyo anabwerera Lolemba, atavala duku lakuda, nkhope itachepa. Ndinamutengera kunja, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa holo, kumene kunalibe makutu. Ndinamupepesa za maliro, kenako ndinamuuza zonse mosabisa. Anamvetsera akupinda ngodya ya chitenje chake.

Usiku wonse wapitawo ndinali nditaganiza, ndipo khomo lotulukira ndinapeza limodzi lokha. Ine amene sindinaphunzitsepo munthu kunama, ndinamuonetsa khomolo.

"Mukalemba kuti pasiwedi yanu munaisiya m'kope, wina anaiona inu osadziwa, mlandu uchoka pa inu. Simutchula dzina la munthu. Koleji ifufuza, sipeza kanthu, zithera pomwepo. Inu mupitiriza sukulu."

"Ndilembe kuti anandibera?"

"Mulembe kuti simunapereke."

Anasiya kupinda chitenje chija. Kumsewu kunkadutsa thirakitala yonyamula masamba a tiyi, ndipo tinadikira kuti phokoso lithe.

"Madamu, bambo anga atafika kuno analibe ndi khasu lomwe. Anthu a ku Limbuli anawabwereka munda, anawabwereka mbewu, chaka chimene amayi anadwala anawalimira. Dzana ndawaika anthu omwewo atandizungulira. Ndiye lero anzanga andilimira ine ndili pamphasa, ndidzuke ndikalembe kuti m'kalasi mwathu muli wakuba?"

Ndinamukumbutsa za tchuthi chake, za zaka zimene anadikira, za ana ake. Ndinamuuza kuti anzakewo adzavala mikanjo n'kujambulitsa zithunzi, ndipo pakadzapita zaka ziwiri ena sadzakumbuka ndi dzina lake lomwe. Ndinalankhula mwaukali chifukwa ndinkafuna kuti agonje. Ndinkamufunira digiri imeneyo kuposa mmene ndinafunirapo wophunzira wina aliyense.

"Mwina adzaiwaladi," anatero. "Koma ndinapereka ndine. Ndilemba zimenezo."

Analembadi, mizere yochepa, osatchula amene iye anawapatsa pasiwediyo, ndipo komiti itamufunsa mayina anakana. Ine ndinalemba lipoti langa, ndinafotokoza za maliro, za mwambo wolimirana, ndinapempha kuti amuchitire chifundo. Komiti inandithokoza chifukwa cha kufotokoza bwino, n'kunena kuti lamulo ndi lomwe ine ndinkaliphunzitsa. Anamulola kudzabwereza chaka chotsatira. Kuntchito kwake anakana tchuthi monga ananenera.

Anzake onse anakhoza. Chaka chotsatira, tsiku loyamba la kalasi yatsopano, ndinafika msanga n'kukhala moyang'ana pakhomo, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe yankho la kuntchito kwake. Ophunzira analowa mmodzimmodzi mpaka mipando inadzaza. Ndinadikirabe pang'ono, wina n'kundifunsa ngati pali amene tikumuyembekeza. Ndinati ayi, ndipo ndinadzuka kukatseka chitseko.