Feteleza Anagona pa Bedi Langa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi a Nkhoma, mkulu wa mpingo kwathu ku Lukwa. Munali m'zaka zija za makuponi a feteleza. Chaka chimenecho dzina la mayi anga silinatuluke, ine sukulu ndinali nditasiya, ndipo pakhomo panali pouma gwa. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, a Nkhoma anaitanira mayi pambali. Mwana wa mlongo wawo, bambo Mwale, amene ankagwira ntchito pakampani ina ya fodya ku Kasungu boma, ankafuna mtsikana wa m'nyumba.

"Esinati ndi mwana waulemu, ndamutchula ndine," anatero a Nkhoma. Mayi anawomba m'manja, ine ndinakachapa zitenje zanga.

Mayi Mwale anali namwino, munthu wosachulutsa mawu. Tsiku loyamba sanandionetse mapoto kapena zochapa. Anandigwaditsa pabalaza n'kundiuza kuti ndigwire pansi. Panali timatabwa ta mlombwa, tating'onoting'ono, toyalidwa mopingasana ngati nkeka woluka. Kuzipinda kunali china chotchedwa lamineti, chooneka ngati thabwa koma mkati mwake ndi utuchi wopanikiza, pamwamba n'chithunzi chabe. Kukhitchini kunali kapeti wa pulasitiki womata pasimenti.

"Pansi pano adani ake ndi awiri, madzi ndi mchenga," anatero. "Zina ukhoza kuphonya, ndidzakuphunzitsa. Apa pokha usaphonye."

Kwathu pansi pakaipa umakatapa dothi kudambo n'kuzira, pakutha pa tsiku pakhala patsopano. Pasimenti umakhuthula ndowa yonse n'kukankha madziwo ndi chikolopa. Kuno ayi. M'mawa ndinkayamba ndi tsache lofewa la ubweya, osati lija la udzu, kusesa motsata mmene matabwa agonera. Kenako chikolopa, choviika m'madzi ofunda n'kuchifinya mpaka manja kuwawa, kuti chisadonthe ngakhale kadontho. Ukakolopa chigawo, upukute pomwepo ndi nsalu youma. Sopo waufa ankasiya zoyerayera, choncho sankafika pabalaza. Polishi anali wa mlombwa wokha, wopanda mtundu, wopaka pang'ono ndi kansalu, kudikira aume, kenako bulashi mpaka thukuta. Pa lamineti polishi salowa, amangoyandama, ndipo munthu akhoza kuterereka n'kuthyoka chiuno. Kapeti wa kukhitchini ankalola madzi, koma poto wotentha kapena khala la pambaula limasiya bowo losatsekeka.

Mipando sinkakokedwa, inkanyamulidwa. Kunsi kwa miyendo yake tinamatako tizidutswa ta bulangete lakale. Masana ndinkatseka makatani a kumadzulo kuti dzuwa lisawaule matabwa. Pakhomo panali zopondapo ziwiri, chakunja ndi chamkati, ndipo ndinkazikuntha kuposa mmene ndinkapesera tsitsi langa, pakuti mchenga wa ku Kasungu suchita kuitanidwa. Ndisaname, ntchitoyo ndinaikonda. Dzuwa likalowa pawindo n'kugwera pamlombwa uja, ndinkaima kaye n'kumati, eee, manja angawa!

Tsiku lovuta linafika ndi mvula zoyamba. Mayi anali kuchipatala, bambo kuminda ya alimi awo, ine ndekha pakhomo, foni ndinalibe. Chakumasana ndinamva odi. Anali a Nkhoma, atanyowa chonyowa, jekete litamatirira m'thupi. Munthu wa wilibala anali atawatsitsira matumba a feteleza pakhonde n'kuthawa mvula. Matumbawo anali onyowa, kunsi kwake matope ndi mchenga okhaokha.

Ndinagwada n'kuwalonjera. Anandiuza kuti agona pamzere kudepoti, ngolo ya kumudzi siingabwere mpaka msewu uume, ndiye katunduyo asungidwa pano.

"Tsegula chitseko chonse, alowe," anatero.

"Agogo, kuseri kuli stolo. Ndikathandize kunyamula."

"Stolo yopanda loko ija? Iwe, ukudziwa mmene ndavutikira kuti ndimupeze ameneyu?"

Ndinkadziwa. Kwathu feteleza wa kuponi sagona kunja. Amagona kuchipinda, pafupi ndi mutu wa mwini wake, mbuzi ndi zimene zimagona kukhola. Mayi anga akanakhala ndi thumba limodzi lokha, bwenzi akugona atalikumbatira. Koma ndinkadziwanso zimene aliyense wa kumudzi amadziwa, kuti feteleza wa yureya nthawi ya mvula amachita thukuta. Pamene pakhala thumba pamanyowa osauma. Padothi zilibe kanthu. Pamlombwa madzi amenewo amalowa m'mipata, matabwa n'kuda, kufufuma, kenako kuzuka.

Ndisanapeze mawu ena, a Nkhoma anagwira thumba m'makutu mwake. Paokha sakanatha kulinyamula, ndiye analikoka chafutambuyo kulowa nalo pabalaza. Ndinamva khweee, mchenga ukudya thabwa.

Ndinadzuka. Mtsikana wa kwathu saimirira polankhula ndi munthu wamkulu, makamaka mkulu wa mpingo, koma ine ndinaimirira, ndinagwira thumbalo mbali inayo, ndipo mawu anatuluka okha.

"Agogo, ayi! Apa ayi!"

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Mvula inkangosokosera pamalata.

"Ukundiletsa ine? M'nyumba ya mwana wa mlongo wanga?"

Ndinagwadanso msangamsanga. Ndinati sindikuwaletsa, feteleza agona m'nyumba momwemo, koma andidikire pang'ono. Ndinathamangira kukachipinda kanga kuseri. Ndinagwetsa matiresi pansi, ndinazula matabwa a bedi, n'kutuluka ndi chimango chake pamutu, mvula ikundimenya. Pakhonde ndinachipukuta, miyendo yake ndinaikulunga ndi nsanza, ndipo ndinachiimika pakona ya pabalaza. Pansi ndinayala pepala la pulasitiki, pamatabwa a bedi linanso. Thumba lililonse ndinalipukuta matope, kenako tinanyamulizana, iwo uku ine uku, mpaka onse anakwera pabedi.

Nditawaphikira, a Nkhoma anasamba m'manja, anayang'ana mbale, n'kuikankhira pambali. Pamenepo ndinadziwa kuti zanga zada.

Mayi Mwale atabwera anagwada n'kulonjera apongozi awo mwaulemu wonse. Maso awo anaona bedi pabalaza, anaonanso mzere woyera wochokera pakhomo, wautali ngati mkono wa munthu. Bambo atafika, a Nkhoma sanadikire kuti avule nsapato.

"Lero ndatsekeredwa pakhomo pako," anatero, "ndi mwana amene ndinamubweretsa ndine. Wandigwira katundu m'manja, ali chiimire."

Ine ndinali kukhitchini, ndikumva zonse. Bambo Mwale analeredwa ndi atsibweni awowo, sukulu anawalipirira ndi fodya wawo. Akanayankha chiyani? Ndinangomva akuti, "Pepani atsibweni, tikonza."

M'mawa mwake ine ndi mayi Mwale tinagwada pamzere uja. Tinapala pang'onopang'ono ndi sandipepa yosalala, motsata thabwa lililonse, tinapukuta fumbi, tinapaka polishi n'kukwecha. Mzerewo unazilala koma sunathe, ukaima chapawindo unkaoneka. Tili chigwadire choncho, mapewa atagundana, mayi analankhula osandiyang'ana.

"Ukanapanda kuima, bwenzi tikuzula matabwa onsewa. Ndikudziwa. Koma mwezi ukatha uzipita, Esinati. Ine pabanja pano ndine wobwera, sindingalimbane ndi atsibweni awo."

Ndinalira pomwepo, misozi n'kumagwera pamlombwa, ine n'kumaipukuta msanga ndi nsalu youma. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinakwiya, koma wokwiyira ndinamusowa. A Nkhoma ankateteza chakudya cha ana awo. Mayi Mwale ankateteza banja lawo. Matumba anakhala pabedi langa mpaka msewu unauma, ine ndikugona pamatiresi pansi, ndipo atawachotsa, pulasitiki ya pamwamba inali madzi okhaokha koma thabwa ngakhale limodzi silinade.

Kumudzi nkhani inali itandidutsa kale: mwana wa uje wapita kutauni miyezi yochepa, wayamba kuimirira akuluakulu. Mayi anga sanandikalipire, anangoti titenge makasu. Ufa unali utatha, ndipo ganyu amene analipo pafupi anali wa kumunda kwa a Nkhoma. Feteleza uja ndinathira ndine, phando ndi phando, ndi kachitsekerero ka botolo. A Nkhomawo ankayenda kumbuyo kwathu kuona ngati tikukwirira bwino, ndipo za kutauni sanazitchule.

Chimanga chitayamba kumasula, mayi Mwale anatumiza uthenga kuti mnzawo wina wa kuchipatala akufuna munthu wodziwa matabwa. Kuyambira pamenepo ntchito yanga ndi yomweyi. Ndadutsa m'nyumba zingapo, ndipo atsikana amene ndawaphunzitsa kufinya chikolopa ndi ambiri.

Tsache ndi polishi munthu amaphunzira sabata imodzi. Chimene ndinatenga m'nyumba ya a Mwale n'china. Pansi sipawonongedwa ndi alendo achilendo, pamawonongedwa ndi abale amene eni nyumba sangawakanize, ndipo wantchito akawakaniza, amapita ndi iyeyo. Choncho ndikalowa nyumba yatsopano, sabata yoyamba ndimapempha loko wa kustolo ndi matabwa oyala pansi pake. Wachibale akatulukira pageti ndi katundu, ndimathamanga kukamulandira konko, ndimagwada, n'kumuuza kuti malo a katundu wake tinakonza kale, ndipo kiyi ndimamupatsa m'manja kuti asunge yekha. Mpaka lero palibe amene anakanapo. Ndimangolakalaka wina akanandiuza zimenezi ndisanaimirire pamaso pa a Nkhoma, chifukwa anamwalira osandiyankhanso moni.