Chala cha a Orval

A Orval Thiessen anakalamba akukonza mathirakitala m'katauni kena ka m'chigawo cha Saskatchewan, kutsidya kwa nyanja, koma mtima wawo unali kubwalo la kuseri kwa nkhokwe za tirigu, kumene kalabu yawo inkaulutsira tindege toyendetsa ndi rimoti. Tindege take ndi tija ta mapiko ataliatali: mota wamagetsi amangokakweza kumwamba, kenako umamuzimitsa, iko n'kumayandama ndi mphepo yokha.

Vuto la mota ameneyu ndi kutentha. Amakhala kumphuno kothina, ndipo ukapanda kumuboolera polowera mpweya ndi potulukira, amapsa. Apa ndiye a Orval ankadzimva. Kandege ka munthu kakangotera, ankabwera osaitanidwa n'kugunditsa chala pamota.

"Chala chikathawa, dziwa kuti mota akulira ameneyo," ankatero. "Iwe Delbert, bowo lotulukira mpweya ndi limeneli? Ngakhale nyerere ingapumire apa?"

Anthu ankafa nazo, Delbert, mnzawo wa m'kalabumo, n'kumangoonetsa mano. Pakamwa pa mkuluyu panali polasa, komabe m'kalabumo munalibe amene sanaphunzire kuulutsa m'manja mwawo.

Kenako matenda a shuga anawalowa m'zala. Linayamba dzanzi, mapeto ake zala zinangoti zii. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Ankadziwa kuti kalabu ikangomva iwaletsa kuulutsa, poti kandege kakasokonekera kangathe kuvulaza munthu. Nanga nkhalamba yopuma pantchito Loweruka ikanalowera kuti?

Tsiku lina mu Julaye, mwezi wotentha kumeneko, dzuwa likuswa mtengo, Marlys Dueck, namwino amene anali atangolowa kalabu, anatsitsa kandege kake katsopano. Anali atakakhoma yekha nyengo yonse yachisanu.

"A Orval, tandionereni. Ndikakwezenso, kapena kayambe kazizira?"

Maso onse anali pa iwo. Akanangoti sindikudziwa, koma mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo chibadwire. Anaika chala pamota n'kuchisiya pompo nthawi yaitali kuti aliyense aone. Sanamve kanthu.

"Ali bwinobwino uyu. Kweza."

Kandege kanangokwera pang'ono, utsi uli tolotolo kumphuno, magetsi onse thi! Kanagwa chamutu m'munda wa tirigu, mapiko n'kuthyokathyoka. Woyamba kuyankhula anali Delbert, yemwe tsopano anali wapampando wa kalabu.

"Madala, taonetsani dzanjalo."

Nsonga ya chala inali itayera, thuza litatuluka kale.

Kuwathamangitsa sanawathamangitse ayi. Anthu a kumeneko sathamangitsa munthu, amakupha ndi ulemu. Anagwirizana kuti a Orval aziulutsabe, koma rimoti yawo azilumikiza ndi chingwe ku ya Delbert, monga amachitira ndi ophunzira, kuti zikavuta iye alande kandegeko. Chingwe chimenecho a Orval anali atamangirapo anthu ambirimbiri, Delbert yemweyo ali m'gulu, ndipo zinawawawa koopsa.

Loweruka lotsatira anafika nkhope ili gwa, chala chili m'bandeji. Koma kandege kawo katakwera, mota atazima, mkwiyo unaiwalika. Kanapeza mpweya wofunda wokwera kumwamba, n'kuyamba kuzungulira mokoma pamodzi ndi akabawi, osagwedezeka n'komwe. Mtima wawo unadzaza. Aone anthu osayamikawa! Dzanja lidakalipo!

Udzudzu unawaluma m'khosi. Anachotsa dzanja pa rimoti kuti auphe, n'kukanda pang'ono. Kumwamba kuja kandege kanamaliza kukhota kwake bwinobwino, kanawongoka, kenako kanakhotera mbali ina kutsata mphepo, iwo asanakhudze kanthu. Atayang'ana pambali anaona zala za Delbert zikuyenda mwakachetechete pa rimoti yake. Kaya analanda liti, mwina chikwerere.

"Lero ndiye mukuulutsa, madala," anatero Delbert maso ali kumwamba. "Ngati kale lija."

Kumbuyo kwawo anthu anayamba kuomba m'manja, wina mpaka likhweru. A Orval anabweza dzanja pa rimoti yakufayo n'kumayendetsa zala, kuti oomba m'manjawo asachite manyazi.