Kadontho ka Manda a Bambo

Bambo anga anamwalira ali tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe. Kwathu ndi ku Phalombe, koma galimoto yonyamula maliro sinapezeke, ndiye tinawaika kumapeto kwa munda, cha kudambo. Panalibe chiliza. Unali mtumbira chabe ndi mtanda wa mitengo, umene chiswe sichinachedwe nawo.

Nditakula ndinaphunzira kupanga mapulogalamu a pafoni. Esiteti ija itagulidwa ndi anthu ena, manejala watsopano anandipatsa ganyu yopanga mapu a minda, oti woyendetsa thalakitala azitsatira polima. Ndinavomera msangamsanga chifukwa cha manda aja. Pamalo pa mandawo m'mapumo ndinaika kadontho kofiira ndi mawu akuti "Manda, osalima."

Pa ntchito yathuyi, chilichonse chooneka pafoni chimakhala m'kabokosi kake, kaya ndi batani, chithunzi kapena mapu. Bokosi lalikulu ndilo limagawira timabokosi malire, ndipo kalikonse kamajambula m'gawo lake lokha. Chimene chapitirira malire sichifufutika ayi, chimangobisika. Lamuloli ndi labwino ndithu, limaletsa china kudetsa chinzake.

Manejala anafuna kuti chizindikiro cha kampani yawo chikhale chachikulu pambali pa mapu. Ndinamuuza kuti tikatero bokosi la mapu lichepa, mbali ya kudambo ibisika mpaka munthu atakoka ndi chala.

"Azikoka," anatero, maso ali kwina.

Woyendetsa thalakitala sanakoke. Akanakokeranji? Anafika pamene mapu anathera, anaona tchire likupitirira, n'kungomalizitsa mpaka kudambo kuopa kutchedwa waulesi.

Nditapita ndi amayi kukaona manda tinapeza mizere yokhayokha, fodya atawokedwa kale. Amayi anazungulira m'mundamo, akuima apa, akuima apo. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinasowa womukalipira.

"Iwe, suja unati wawaikamo bambo ako m'foni?" anandifunsa amayi.

"Ndinawaikamo, amayi."

"Nanga ali kuti?"

Ndinakoka mapu ndi chala, kadontho kaja n'kutulukira m'mphepete, kofiira bwinobwino, mawu ake ali pomwepo. Amayi analandira foniyo ndi manja awiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

Foni imeneyo ndi yakale tsopano, galasi linasweka pakona, koma sindingaitaye. Ndikapita kukawaona amayi, tikangopatsana moni amapukuta manja pachitenje n'kusendera pafupi.

"Tandikokera, mwanawe, ndiwaone bambo ako."