Kamchira ka mawu a bambo anga

Pa esiteti ya fodya pomwe ndinakulira, kufupi ndi Mitundu, munthu ankadziwika kwawo ndi kamchira ka mawu ake. Ife a kuno timati "bweraninso". Matenanti achiyao ankaika "soni" pakepake, osakalumikiza ku mawu ena. Bambo anga, ochokera kumpoto, ankangoti "so": "mawaso", "ineso". Zaka makumi awiri akuyankhula Chichewa chokhachokha pagulu, koma kamchirako kanakana kuchoka.

Ine kankandichititsa manyazi koopsa. Anzanga kusukulu ankanditcha Ineso, ndipo ndinamenyapo awiri. Kunyumba ndinkawakonza bambo ngati mwana wa sitandade wanu, iwo n'kumangoseka uku akusoka fodya.

Zipani zambiri zitabwera, wailesi inayamba kuwerenga nkhani m'Chitumbuka. Bambo ankaipachika pamtengo wa chigafa choumitsiramo fodya, n'kukweza mpaka kumapeto. Chaka chomwecho mnyamata wa ku Nathenje anandifunsira.

Kwathu kuno pachinkhoswe amayankhula ndi ankhoswe, bambo wa mtsikana amangokhala. Mwambowu ndinaukonda pa chifukwa choipa. Ndinkaopa kuti akuchimuna akamva kayankhulidwe ka bambo anditenga ngati mwana wa obwera, ukwati n'kuzizira.

"Adada, tsikulo musayankhule chonde," ndinawauza.

"Chabwino, mama," anatero, osandiyang'ana.

Tsiku linafika. Amalume anayankhula, ankhoswe anapatsana nkhuku, bambo ali phee pampando, jekete lawo la kutchalitchi litawakulira m'mapewa. Anthu atatsala pang'ono kumwazikana, azakhali a mwamuna wanga anafunsa mokweza:

"Kodi atate ake a mtsikanayu alibe mawu? Mwana wakula chonchi, anamulera ndani?"

Bambo anatembenukira kwa ine, kudikira chilolezo cha mwana wawo pamaso pa anthu onsewo. Mtima unandiwawa, ndipo ndinadzida.

Ndinadzuka n'kukagwada pambali pawo.

"Yankhulani, adada. Chiyankhulo chakwanu. Ine ndimasulira."

Anayamba motsitsa: "Mumusunge makora mwana wane." Ndinauza anthu kuti akuti mumusunge bwino mwana wanga. Kenaka mawu anamasuka. Ananena za ulendo wawo wa pa lole kuchokera kumpoto, za mabelo a fodya omwe anandiphunzitsira sukulu, za ukali wanga womwe akuchimuna ayenera kuukonzekera. Anthu anaseka, azakhali aja analuluta. Sindinaphonye liwu ndi limodzi lomwe, ndipo sindinanyadirepo munthu ngati tsiku limenelo.

Alendo atapita, bambo anandiitana kuseri kwa nyumba.

"Iwe, Chitumbuka chonsechi umachimva?"

"Kuyambira ndili mwana, adada."

Anavula chipewa, n'kukhala pansi.