Loko pa Boneti ya Alamu Anga

Alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, anabwerera kuchokera ku Joni ndi pikapu yoyera. Ine ndinabwerako ndi chifuwa. Tinagwira ntchito pamgodi umodzi, koma iwo anali kalaliki wa pamwamba, wa cholembera m'thumba la malaya, pamene ine ndinali wa pansi, wobowola mwala. Kusiyana kumeneku sanakuiwalepo.

Kuyendetsa galimoto sankadziwa ndipo sanafune kuphunzira, poti wophunzira amayamba wavomera kuti pali chimene sakudziwa. Choncho chiwongolero chinagwera ine. Pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo mkamwini amatola ntchito iliyonse imene eni mudzi aiona yolemera. Zaka zitatu ndinkanyamula kachewere ndi kabichi kuchoka kumapiri kuno ku Biriwiri kupita m'misika, mwina mpaka kutsikira ku Sharpevale, ndiponso odwala kupita nawo kuchipatala cha ku Nzama.

Mumgodi ankatipatsa kansalu kotseka pamphuno kuti tisapume fumbi. Kapitawo akangotembenuka tinkakavula, chifukwa tinkabanika nako. Ndiye tsiku lina pikapu ikulephera chitunda, ndinatsegula boneti n'kupeza kabokosi kakuda, m'kati mwake muli chipepala chopindapinda, chodzaza fumbi, chitatseka njira ya mpweya. Ndinati m'mtima, amene anapanga galimotoyi sanabanikepo. Ndinachizula n'kuchiponya m'tchire. Galimoto inakwera chitundacho ikubangula, ine ndikudzimva katswiri. Pachivundikiro cha kabokosiko panali mawu achizungu, koma masiku amenewo zilembo zonse kwa ine zinali ngati nyerere zakufa.

Chifuwa chitakula ndinasiya kuyendetsa. Alamu analemba dalaivala wa ku Sharpevale, bambo wofatsa, wa ana ake. Sipanapite nthawi oyilo anayamba kutsika. Amathira Lolemba, pofika Lachisanu kachitsulo koyezera katuluka kouma. Alamu anagamula kuti dalaivalayo akukama oyilo n'kumagulitsa kwa opaka mitengo ya denga poopa chiswe. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati galimoto inkamwa oyilo m'nthawi yanga. Ndinayankha kuti ayi, ndipo sindinaname, koma ndinayankha monyada, chifuwa changa chodwalacho nditachitulutsa. Bamboyo anachoka tsiku lomwelo, katundu ali pamutu, dzina la wakuba lili kumsana. Pikapu alamu anaikweza pamiyala, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira pampando.

Inakhala pamiyalapo zaka zambiri. M'zaka zimenezo ndinalowa sukulu ya kwacha kutchalitchi, ndili ndi imvi, mwamuna ndekha pakati pa amayi. Nditatha kugwira pensulo ndinakopera mawu a pachivundikiro chija, chilembo chimodzichimodzi, n'kupita nawo kwa aphunzitsi athu. Anandimasulira kuti injini isayendetsedwe popanda sefa ya mpweya, chifukwa fumbi limaidya m'kati. Ndinawathokoza n'kupinda pepalalo. Kenako ndinagula sefa yatsopano ku boma, ndinaiika m'kabokosi muja popanda wondiona, ndipo ndinakhala chete. Dalaivala uja sindinam'funefune. Ndinangomva kuti anapita kuminda ya fodya ndipo sanabwerereko.

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa, mwamuna wake anapezeka kuti ali ndi laisensi. Alamu anatsitsa pikapu pamiyala, anagula batire ndi matayala, n'kumupatsa makiyi ngati akumupatsa ufumu. Mwezi usanathe nyimbo ija inayambanso: oyilo akutha, wina akukama. Koma ulendo uno woganiziridwayo sanali waganyu woti angonyamula katundu wake. Alamu ndiwo mwinimbumba, mawu awo ndi amene amamanga kapena kumasula mabanja a ana a mlongo wawo. Ananena poyera kuti mkamwini wakuba pamudzi pawo sakhalapo, ndipo anaitanitsa ankhoswe kuti adzabwere Lamlungu loyamba tikadzatha kukumba kachewere. Mwana wanga anali ndi khanda kumsana.

Nzeru zimene alamu anatulutsa m'masabata amenewo ndi zoyenera munthu amene anakalamba akuwerenga mapepala a ena. Anaitanitsa wowotcherera zitsulo kuti aike loko pa boneti, loko wa chitseko cha golosale, kiyi n'kumumangirira m'chiuno. Oyilo anatsikabe. Anati ndiye akumukamira kunsi, n'kupaka penti wofiira pa bawuti ya pansi. Penti sanakhudzidwe, oyilo anatsikabe. Munthu wina aliyense akanaima pamenepo n'kuganiza. Alamu anati izi zikungoonetsa kuti wakubayo ndi wochenjera kuposa m'mene ankaganizira.

Akatswiri a pamudzi nawo anabwera, anthu oti ngakhale tcheni cha njinga chikaduka amakankha njingayo mpaka kumsika. Wina anati galimoto inabwera ndi mzimu wa ku Joni, ndi umene uli ndi ludzu, tiuthirire mowa. Mkulu wa mpingo anati mowa ayi, koma pemphero. Wina anati tithiremo oyilo wolimba wa m'chigayo, wakubayo alephere kumukoka. Onsewa ankayankhula atapinda manja kumbuyo, akuzungulira galimoto ngati ng'ombe yogulitsa. Ndinkawanyoza m'mtima, ndipo ndimawanyozabe. Komatu iwo ankalankhula zopusa chifukwa sankadziwa, pamene ine wodziwa ndinkangotsokomola.

Ndinaganiza zopulumutsa mkamwini wanga popanda kudziulula. Ndinayala katoni yoyera pansi pa injini, m'mawa mwake tinaipeza yopanda dontho. Ndinapempha alamu kuti aime kumbuyo kwa galimoto mkamwini akuponda mafuta. Utsi wabuluu unawakuta mpaka malaya ananunkha, koma anati galimoto iliyonse imatulutsa utsi. Ndinagwira kansalu koyera kukamwa kwa ekizosi, kanatuluka kakuda, konona. Ndinawapempha kiyi wa loko, ndinamasula mapulagi anayi, onse ananyowa oyilo ngati aviikidwa. Ndinatsegula pothirira oyilo injini ikulira, panatuluka mpweya wofufuma ngati wa munthu wothamanga. Ndinawauza kuti oyilo sakutuluka pakhomo, akupsera m'nyumba momwemo pamodzi ndi petulo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ukatswiri umenewu ndinauphunzira pa sukulu ya amayi ija kapena kuti.

Anamva pokhapokha makaniko wa ku boma atabwera ndi kachipangizo kokhala ndi wotchi, n'kukalowetsa m'mabowo a mapulagi. Ananena zomwe ndinanena ine, koma atavala ovolosi. Anati injiniyo yatha mphamvu, kusintha maring'i a m'kati mwake n'kutaya nthawi, bola kupeza ina yogwirapo kale ntchito. Alamu anagulitsa ng'ombe, injini inabwera kuchokera ku Lilongwe pa lole, itakhazikidwa pa tayala lakutha. Koma nkhani ya ankhoswe sanaichotse. Anati ngati mkamwiniyo sanabe, ndiye wapha injini ndi kayendetsedwe kake, ndipo zonsezi n'chimodzimodzi.

Tinaisinthira pabwalo pompano, Lachisanu ndi Loweruka. Tinadula mabulugamu atatu n'kuwamanga nsonga pamodzi, pakati tinakolekapo tcheni chokwezera chimene tinabwereka kuchigayo. Makaniko ndi mkamwini wanga anakhetsa madzi ndi oyilo, anachotsa rediyeta, anamasula mapaipi. Ine ndinapatsidwa mawaya. Waya uliwonse umene ankauzula ndinkaumata kapepala n'kulembapo kumene wachokera: wa ku sitata, wa kumanzere, wa pansi pa batire. Zilembo zanga ndi zokhota ngati mizere ya wolima ataledzera, koma zinawerengeka. Mabawuti tinawaika m'beseni la mkazi wanga, zimene sanandikhululukire msanga. Bawuti imodzi ya kugiyabokosi inakana, tinaithira parafini, tinalumikiza paipi ku sipanala, anthu awiri n'kukoka mpaka inalira.

Injini yakale itakwera m'mwamba ikulendewera, tinakankhira galimoto kumbuyo n'kuitsitsira pa matabwa. Kulowetsa yatsopano ndiye kunatenga theka la Loweruka. Chitsulo cha giyabokosi chinkakana kulowa pakati pa kilatchi, makaniko ali chagada pansi akutukwana motsitsa mawu poopa amayi, mkamwini akugwedeza injini pang'onopang'ono. Akatswiri aja anali pomwepo, aliyense akuloza kwake, wina kumanja, wina kumanzere, osagwira kanthu. Alamu anakhala pampando wandalema pamthunzi, akulamula kuti tisakande penti.

Dzuwa litapendeka injini inalowa. Tinabwezera mawaya potsata timapepala tanga, tinathira oyilo ndi madzi, ndipo mkamwini atapotokola kiyi inadzuka kachitatu. Utsi unatuluka pang'ono n'kuyera. Amayi analuluta.

Zikanathera pomwepo ndikanapulumuka. Koma alamu anafuna umboni wa mawa lake, ndiye analamula makaniko kuti atsegule injini yakale anthu aone m'mene mkamwini anaiwonongera. Makaniko anachotsa mutu wa injini, analowetsa chala m'bowo limodzi, chikhadabo n'kumakodwa m'mizere. Anati iyi sinafe ndi phazi la dalaivala, inadya fumbi, ndipo inalidya nthawi yaitali. Alamu anati eya, fumbi la ku Sharpevale kumene mkamwiniyu amathamangirako. Makaniko anatsegula kabokosi kakuda kaja, anatulutsa sefa yanga n'kuiunika padzuwa.

"Sefa ilipo, bwana, ndipo njabwino. Apa fumbi silinadutse. Alipo amene anaiyendetsa ilibe sefa."

"Ndiye amaichotsa akakhala panjira, pofika kuno n'kubwezera," anatero alamu.

"Boneti ili ndi loko, amalume," anatero mwana wanga. "Kiyi ali m'chiuno mwanu."

Anthu anaseka chamumtima. Alamu akachita manyazi ndiye amauma kwambiri. Anaimirira n'kunena kuti loko asanaikidwe panali masabata angapo, ndipo ankhoswe adzamva zonse mawa. Mkamwini wanga anaima pambali pa galimoto. Anali atagwira chiguduli, akupukuta chala chimodzichimodzi, maso ali pansi. Kaimidwe kameneko ndinali nditakaonapo kale pabwalo lomweli, tsiku limene dalaivala uja anachoka.

"Alamu," ndinatero, "sefa ndinachotsa ndine."

Anati sanamve bwino. Ndinabwereza, ndipo ndinafotokoza zonse, za chitunda chija, za tchire limene ndinaponyamo chipepalacho, za zaka zimene ndinayenda m'fumbi injini ili kukamwa yasa, za sefa imene ndinaika mobisa. Ndinanenanso kuti bambo wa ku Sharpevale uja sanabe ngakhale dontho. Chifuwa chinandidula kawiri, koma palibe anandithandiza kumaliza.

Ndinkayembekeza kuti alamu akalipa. Sanakalipe. Anakhala pansi, nkhope yawo n'kumasuka ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kale.

"Ndinkadziwa ine," anatero, akuyang'ana anthu. "Munthu wa pansi pa mgodi ukam'patsa chinthu cha mapepala, zotsatira zake ndi zimenezi."

Sankadziwa kanthu, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa kuti sankadziwa. Za dalaivala amene anam'thamangitsa sananenepo liwu, kwa mkamwini sanapepese. Anangopeza wolakwa wowakomera kuposa woyamba, ndipo zinawakwanira. Akatswiri aja nawo anayamba kukumbuka kuti ankandikayikira kuyambira kale. Amene ankafuna kuthira mowa uja anati mzimu umene ankanena unali womwewu, akuloza ine.

Mkazi wanga sanandiyankhule masiku atatu. Mwana wanga anandifunsa funso limodzi lokha, tili awiri kuseri kwa nkhokwe: makaniko akanapanda kutsegula injini ija, kodi ndikanalankhula liti? Ndinamuuza kuti mwina Lamlungu, pamaso pa ankhoswe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti mawu akuti mwina ndi okhawo anali oona.

Ankhoswe anabweradi Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anapeza mlandu palibe, anadya nkhuku, anayamikira kulira kwa injini yatsopano n'kubwerera kwawo. Mkamwini wanga sanandithokoze, ndipo akanandithokoza ndikanam'nyoza nayenso. Ankakhala m'kanyumba kaudzu kuyambira pamene anakwatira, ngati munthu wosadziwa tsiku lonyamuka. Chilimwe chomwecho anakumba dothi kumunsi kwa munda wa mkazi wake n'kuyamba kuumba njerwa.