Khasu Langa pa Tebulo la Dotolo

Ndinanyamuka ku Chimbonila Lachiwiri m'mawa nditangoswali, osawauza achimwene anga a Jasi. Sabata yathayo anali atasonkhanitsa abale pakhonde panga, monga mwini mbumba, n'kulengeza kuti msana wa ine Mwanaisha watha, madotolo akaumanga ndi zitsulo, ndiye dimba langa la mbatata aziligwira a Jasiwo. Dimba limene ndinaliswa ndekha titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, iwo akadali ku Mangochi kugulitsa fodya. Zinandipsetsa mtima kwambiri.

Msanawo unkandivutadi, sindikana. Chaka chatha anandijambula, nati kamtsamiro kokhala pakati pa mafupa awiri a m'chiuno kadyeka, ndipo chithandizo chake n'kuwalumikiza mafupawo ndi zitsulo kuti akhale limodzi, asamagwedezekenso. Ine ndinamva chimodzi chokha, kuti ndidzauma ngati mtanda wa denga. Kenaka namwino wa kwathu anandinong'oneza kuti ku Lichinga kwabwera dotolo wa msana wochokera ku Maputo, wodziwa njira ina, ndipo akhala masiku ochepa. Ndinakulunga khasu langa m'kapulana, chitenje cha kuno, n'kutenga chithunzi chija, ulendo.

Pamsewu ndinadikira ndithu, mphepo ikulowa m'mafupa. Chapa, minibasi ya kuno, itafika, kobradoro wotolera ndalama analoza katundu wanga.

"Tiya, mayi anga, khasulo likwere pamwamba."

"Likakwera pamwamba, nanenso mundikweza pamwamba."

Anapukusa mutu, n'kulandira sinkwenta yake, ndalama ya ulendowo, nandikhazika pa thumba la nyemba kuseri kwa motorishita, woyendetsa. Dzenje lililonse la mumsewu ndinkalimva kuyambira m'chiuno mpaka kuchala cha kuphazi. Ndinaluma nsonga ya mpango kuti anthu asandimve kubuula.

Mayi wina wonyamula nkhuku anandiyang'ana, n'kuyang'ananso khasu.

"Mukukalima m'tauni, achemwali?"

"Ndikupita kuchipatala."

"Ndi khasu?"

"Ndi mboni yanga," ndinatero. Anandisunthira pang'ono kuti nditambasule mwendo.

Tinalowa m'Lichinga dzuwa litakwera pamwamba pa mitengo ya paini. Pafupi ndi msika ndinagula pau, buledi wa kuno, ndi bajiya ziwiri, tizitumbuwa ta nyemba, ndi tiyi wotsekemera mopyola, ndipo ndinadya choimirira chifukwa kukhala ndi kudzukanso ndiyo inali ntchito yaikulu. Anyamata a njinga zamoto anandizinga, ine ndinakana. Ndinayenda pansi, ndikupumira pa makoma a anthu katatu konse.

Pachipata mlonda anandiimika.

"Amayi, zida sizilowa muno."

"Iyi ndi ndodo yanga. Mukandilanda, mundibereka ndinu mpaka kwa dotolo."

Anayang'ana thupi langa, ndipo ine si wamng'ono ayi. Anatsegula.

Pamzere ndinakhala ndi bambo wina wa ku Assumane, wovala kofiya yoyera. Iye anamulumikiza kale mafupa zaka zapitazo, ndipo anabwera kudzangoonetsa. Ndinamufunsa mosabisa kuti akukhala bwanji.

"Ululu unachepa, alihamdulilahi. Ndimaswali, ndimayenda. Koma ine ndine wosoka, amayi, ndimakhala pampando. Za khasu sindingakuuzeni."

Ndinamukonda chifukwa sanandinamize.

Anandiitana dzuwa litapendeka. Dotoloyo anali mkazi, wamng'ono kwa ine ndithu, ndipo ankayankhula Chipwitikizi chokhachokha, namwino akumasulira. Anakweza chithunzi changa kuwindo n'kuyamba kufotokoza. Ndinamudula mawu. Ndinamasula kapulana, n'kuika khasu pa tebulo pake, dothi la kudimba likugwera pa mapepala.

"Muuzeni kuti chaka chathunthu anthu akhala akuyang'ana chithunzicho. Lero aone chimene msanawu umagwira."

Ndinatenga khasu, n'kuwerama pomwepo monga ndimachitira pokumba mbatata, mutu pansi, miyendo chilili. Ululu unandibaya mpaka misozi inatuluka yokha, koma ndinakhapa simenti kawiri. Namwino anagwira pakamwa. Dotolo sanaseke. Anadzuka, natenga khasulo, nawerama nayenso, n'kufunsa kuti ndimakhala chonchi maola angati pa tsiku. Ndinamuyankha.

Kenaka anajambula pa pepala mafupa awiri. Anati njira zonse ziwiri amamanga misomali yokhoma m'mafupa. Polumikiza, amaika kandodo kolimba kachitsulo, mafupa n'kumerana. Njira inayo amaika kachingwe kolimba koma kopindika, kogwira mafupa kuti asamasewere kwambiri koma n'kuwasiyira mpata woyenda pang'ono. Mtima wanga unadumpha. Iye anauona, ndipo anakweza dzanja.

Anati si ya aliyense. Mafupa akakhala kuti aterereka kwambiri kapena afooka, kachingweko sikagwira, ndipo kulumikiza ndiko kumathandiza. Kuti adziwe, ndiyenera kupita ku Maputo, akandilowetse m'makina aakulu ojambula. Ngakhale ndiyenere, sangalumbire kuti ululu udzatheratu. Ndipo njira iliyonse imene ndingadutse, ndidzakhala miyezi yambiri osagwira khasu, kenaka lalifupi ili ndilisiye, ndipeze la mpini wautali.

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinabwera kudzatenga yankho loti ndikawaponyere a Jasi kumaso, koma ndinapatsidwa yankho lakuti "mwina".

Namwino anatulutsa giya, kalata yonditumiza ku Maputo, nayang'ana kukhomo.

"Mwabwera ndi ndani, amayi? Bambo akunyumba?"

"Anamwalira."

"Achimwene anu? Mwina mukakambirane kaye kumudzi."

"Kumudzi anakambirana kale ine ndili pomwepo, osandifunsa. Bweretsani inkiyo kuno."

Ndinadinda chala changa mwamphamvu moti chinaonekera kuseri kwa pepala.

Pobwerera ndinapeza chapa yomwe ija. Kobradoro anandisungira mpando wakutsogolo, ndipo khasu ndinalifungata pamiyendo. Njira yonse ndinkaganiza zoti ndikaname, ndikati dotolo wanena kuti ndichira msanga. Ndani akanatsutsa? Tikudutsa minda ya chimanga chouma ndinaona kuti ndikanama, ndiye kuti ndavomera kuti dimbalo ndi langa pokhapokha msana uli bwino.

Ndinapeza a Jasi pakhonde panga, atamva kale kwa anthu a pamsewu.

"Mwapita kuchipatala osandiuza, achemwali? Ati bwanji?"

Ndinawauza zonse, za kachingwe, za Maputo, zoti mwina adzandilumikizabe, ndi za miyezi yokhala osalima. Anamvetsera akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva zimene anazinena kale.

"Ndiye mwaona nokha. Dimbalo..."

"Dimbalo ndikubzala Loweruka. Ndikapita ku Maputo, wothirira ndidzamusankha ndine, ndipo ndikabwera, kaya ndi chingwe kaya ndi chitsulo, ndidzalipeza lili langa."

"Mubzala bwanji, munthu osatha kuwerama?"

"Mubwere mudzaone."

Ulendowu sunandichiritse. Unangondiphunzitsa kuti anthu amayamba kugawana zako pamene wasiya kudziyankhira, ndipo ine ndinali nditakhala chete chaka chathunthu chifukwa cha manyazi a matenda.

Loweruka a Jasi anabweradi, naima pa mpanda wa dimba manja ali kumbuyo. Ndinabzala chogwada, ndikukwawa ndi maondo m'matope, mbewu zili m'chitenje. Pofika masana ndinali nditatha mizere itatu yokha, ndipo kudzuka kunandikanika. Anayamba kutsegula kampata kuti adzandikweze. Ndinawauza kuti aime pomwepo, ndipo ndinadzuka ndekha, ngakhale zinanditengera nthawi yaitali.