Zimbale Ziwiri za Chelo pa Doko la Lungwena

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaphetsa injini ya Che Bwanali. Ababa anali makaniko wa mainjini a maboti pa doko la kwathu ku Lungwena, ndipo iwo sankayamba ndi sipanala ayi, ankayamba ndi khutu. Injini ikaikidwa mumgolo wa madzi n'kulizidwa, ankatsinzina, kupendeketsa mutu, kenako n'kunena kuti, "Pulagi yapansi," kapena, "Ikumwa mpweya." Achimwene anga Amidu anatengera khutu limenelo. Ine ayi. Tsikulo Ababa anandisiyira injini, ine ndinamva ngati ikulira bwino, ndinaipereka. Inakafera pakati pa nyanja, asodzi anachita kupalasa ndi matabwa mpaka kumtunda. Ababa sanandimenye. Anangonena pamaso pa anthu onse kuti, "Yusufu, makutu akowa ntchito yake n'kugwira kofiya kuti isatsikire m'maso."

Anthu anaseka. Ine ndinagulitsa njinga, ndinatsanzika mkazi wanga Abiti Saidi ali ndi mwana kumbuyo, ndinakwera basi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndinkatero podzilimbitsa mtima, koma zoona zake ndinkathawa manyazi.

Ndinakafikira ku Kepitawuni. Ndinatsuka magalimoto, ndinatchetcha kapinga, ndinagona m'chipinda chimodzi ndi amuna anayi a ku Makanjira, mphepo ikuwomba malata ngati ili nafe chifukwa. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa anyamata onyamula katundu, ndipo mauthenga ochokera kumudzi ankayamba ndi salamu n'kuthera pa feteleza. Sindikudandaula, ndi zimene ndinapitira. Chimene chinkandiwawa n'chakuti Ababa sanagwirepo foni kuti andilankhule. Achimwene ankangoti, "Ababa akupereka moni," ine n'kudziwa kuti moniwo awupeka okha.

Chaka chachiwiri ndinapeza ganyu yonyamula makatoni pa kashopu kogulitsa zimbale zakale. Mwini wake anali mzungu wokalamba, Mayi Hilda, wodwala mawondo. Nyimbo za m'shopumo zinali zimene eni ake amati klasiko: piyano, mavayolini, nthawi zina gulu lonse la oimba popanda wotsegula pakamwa n'mmodzi yemwe. Poyamba ndinkangoti, kodi azungu maliro awo satha? Ndinkapukuta fumbi n'kumalakalaka atayika ya kwathu.

Tsiku lina anaika nyimbo ya chelo. Chelo ndi chivayolini chachikulu chimene woimba amachikumbatira atakhala pampando, mawu ake ngati a mwamuna wamkulu. Nyimboyo anali ataiikanso dzulo lake. Ndili pamakwerero ndinangolankhula osaganiza, ndinati, "Madamu, walero uyu si wadzulo uja. Wadzulo ankapuma kaye asanakwere." Mayi aja anaika tiyi pansi. Anandikhazika pampando, anandiveka mahedifoni, n'kuyamba kundiyesa ndi zimbale, ichi ndi ichi, ichi ndi icho. Sindinaphonye. Ine, Yusufu wa makutu ogwira kofiya! Ndinapita kuchimbudzi kukalira, walahi.

Kuchokera pamenepo makatoni ndinkanyamulabe, koma ntchito yanga yeniyeni inasanduka kumvera ndi kusankhira anthu. Nyimbo izi, yemweyo imodzi amaiimba anthu ambirimbiri, aliyense ndi dzanja lake, ndiye wogula amasokonezeka. Ine ndinali ndi njira yanga. Sindinkafunsa kuti mumakonda ndani. Ndinkafunsa kuti, mukamvera nthawi yanji, muli ndi ndani? Nesi wogwira ntchito yotopetsa sindinkamupatsa gulu la malipenga, ndinkamupatsa piyano yoyenda pang'onopang'ono. Munthu woyamba kumene ndinkamuyambitsa ndi choimbira chimodzi, chifukwa khanda salipatsa mutu wa kampango. Bambo wina amene mkazi wake anamwalira anabwera akufuna nyimbo zosangalatsa, ine ndinamukaniza, ndinamupatsa yoti alire nayo. Anabweranso patatha mwezi n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Panafika poti aphunzitsi a ku yunivesite akalowa ankafunsa kuti, "Yusufu alipo?" Ndikakhala kulibe ankabwerera. Izi ndikunena modzitama ndithu, chifukwa ndinazigwirira ntchito.

Koma kumudzi ndinkawauza kuti ndimagulitsa mawailesi. Ndikanawafotokozera bwanji Ababa kuti anthu akundilipira chifukwa cha khutu? Akanati ndapenga, kapena azunguwo ndi amene apenga.

Patatha zaka zisanu ndi zinayi mawondo a Mayi Hilda anakana, shopu inatsekedwa. Anandiuza kuti nditenge zimbale zimene zingakwane m'sutikesi imodzi. Ndinasankha masiku atatu.

Kwathu munthu akachokera ku Joni katundu satsegulira kuchipinda. Amayala mkeka pabwalo, abale onse n'kukhala mozungulira, chilichonse n'kutuluka poyera. Anatuluka mabulangete, nsapato, mafoni, sola, amayi n'kumalulutira. Nyumba ya malata ndinali nditamanga kale, ndiye panalibe woti andinene. Koma maso onse anali pa sutikesi yolemera ija yokhala ndi loko. Nditaitsegula, alamu anga anatola chimbale chimodzi n'kuchitembenuza. "Mafilimu a karate?" Ndinati ayi, nyimbo. Ndinaika chimodzi m'kawailesi kanga ka mabatire. Anthu anatchera khutu, kudikira. Kenako azakhali anati, "Nanga ayamba liti kuimba?" Wina kumbuyo anati, "Wamwalira ndani?" Alamu anga anapempha kuti zokandika ndiwapatse akapachike kumunda wa mpunga, mbalame zimaopa zonyezimira. Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

Ababa anali pampando pakhonde. Maso awo anali atachita ng'ala, sankaonanso bwino. Anafunsa Achimwene kuti n'chiyani, atauzidwa anangopempha ndodo yawo. Kuseka kwa enawo sikunandilowe. Koma kukhala chete kwa Ababa kunandibweza pa doko paja, ngati zaka zonsezo sindinapite kulikonse.

Ndinapirira milungu iwiri. Ababa ankapitabe ku doko m'mawa uliwonse, kukhala pansi pa mtengo wa mango, iwo kumvera injini, Achimwene kumasula. Tsiku lina kunawomba mwera, maboti onse ali pamchenga, ntchito palibe. Ndinanyamula kawailesi, mahedifoni ndi zimbale ziwiri za nyimbo ya chelo ija. Chimodzi chinali chimene ndinkanyadira, ndinachisankhira anthu osawerengeka. Chinacho chinali chakalekale, chaphokoso ngati mvula pa udzu, ndinkachiyesa chachiwiri.

Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. "Ababa, ndabwera ndi injini ziwiri. Mundiuze yabwino."

"Za maliro zako zija?"

"Zomwezo."

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, chifukwa Ababa si munthu wa nyimbo. Koma anakankhira kofiya kumbuyo, ndinawaveka mahedifoni. Anatsinzina, anapendeketsa mutu. Choyamba chinatha, ndinaika chachiwiri.

Atavula anati, "Mawu ndi amodzi, anthu awiri."

"Eya, Ababa."

"Ngati mashehe awiri powerenga sura imodzi. Palibe chachilendo apa. Wabwino ndi wachiwiriyu."

Ndinati ayi, Ababa, woyambayo ndiye katswiri, dzanja lake ndi loyera, salakwitsa paliponse. Iwo anati, "Salakwitsa, inde, koma saopanso kanthu. Bwezera." Anapinda mahedifoni, khutu limodzi lawo, lina langa, mitu yathu n'kugundana. "Tamva apa, pamene chingwe chachikulu chikutsika. Wachiwiriyu akudikira kuti mawu afe kaye, ndiye aikepo ena. Wako uja akuponda mawu akadali moyo."

Ndinamva. Aa, ndinamva ndithu! Zaka zonse zija chinthu chimenechi chinkandidutsa, ine amene aphunzitsi ankabwerera ndikakhala kulibe. Koma sindinagonje msanga. Ndinawaonetsa pamene wachiwiriyo chala chikuterera, iwo anavomera kuti chaterera, n'kunena kuti munthu wonyamula katundu weniweni amaterera. Ndinabweza, anabweza. Asodzi anayamba kutizungulira, mahedifoni n'kumayenda mutu ndi mutu, ena kumbali ya Ababa, ena kumbali yanga. Che Bwanali omwe aja, amene injini yawo ndinaiphetsa, anaima nane mpaka kukweza mawu. Achimwene anangogwira pakamwa, chifukwa chibadwire sanaonepo Ababa akutsutsana ndi ine. Kale Ababa ankangondiuza.

Ndinayenda ulendo wa masiku anayi pa basi kukaphunzira kumvera, chonsecho kumvera ndiyo ntchito ya pakhomo pathu. Anthu amene anaseka pamkeka paja ndi omwewo amadziwa boti la munthu ndi kaliridwe ka injini lisanaonekere. Lero ndimagwira ntchito pa loji ina ku Nkopola, ndipo alendo akamadya nyimbo ndimasankha ndine. Amandiyamikira, ndimakondwa, koma si zimene ndimafotokozera ana anga.

Tsiku lija tinalekezera pamene azana yoitanira ku mapemphero a masana inamveka. Ababa anaimirira, ndinawapatsa ndodo, koma anagwira phewa langa. Tikuyenda kupita ku mzikiti anafunsa, "Sutikesi ija yadzaza zoterezi?"

"Yadzaza, Ababa."

"Ndiye iwe ndi amene ukuzidziwa. Undisankhire ya mawa." Tinayenda pang'ono, kenako anafinya phewa langa. "Koma usandiuziretu imene ukuikonda. Ungandikope."